Mankhwala Osachita Thovu

Liwaladzi, Nkhotakota
Lachiwiri

Mlongo wanga Khalidi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, iwe ndi alamu anga a Rahila. Kodi chifuwa chinkakuvuta chija chinatha? Kuno amayi ali bwino, kupatula bondo lija limene limayamba kuwawa mwera usanafike. Mpunga tadula, ndipo Mulungu watipatsa wokwanira, Alhamdulillah. Alamu ako a Sharifu akupereka moni. Mwana wanga Amira anatuluka m'chipatala Loweruka, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Inde, m'chipatala. Ukanakhala munthu woyankha foni, bwenzi utadziwa kale.

Ndalemba papepala dala. Ndikakuimbira umati uli m'labu, manja ali m'magolovesi. Ndikakutumizira mawu umandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Ine chala chako ndichite nacho chiyani? Ndiye masamba awa ndiwajambula ndi foni, ndikutumizire, ndipo uwerenge mpaka kumapeto. Usandiyankhe ndi chala.

Ukukumbuka Idi ya chaka chatha, utabwera kudzationa? Tinali pakhonde pa amayi, ine ndikukonzekera kukanda ufa wa mandasi, amalume a Nasiru atabwera kuchokera ku Dwangwa ndi mkanjo wawo woyera uja. Anakufunsa kuti zaka zonsezi ku Ulaya umagwira ntchito yanji, popeza sung'amba anthu, subaya jakisoni, koma ukutchedwa dokotala.

Unayamba bwino, ndipo ine ndinkamvetsera, chifukwa wodwala matenda a magazi a siko selo m'banja muno ndi mwana wanga. Unati kumeneko apeza njira yochizira matendawa. Amatenga maselo a m'mafuta a m'mafupa a wodwala mwini wake, n'kukonza cholakwika chimene anabadwa nacho, kenako n'kumubwezera m'thupi kuti ayambe kupanga magazi osapindika ngati zenga. Unati iwe si wokonza maselowo. Ntchito yako ndi kufunafuna njira yoyesera ngati maselo okonzedwawo alidi ndi mphamvu asanamuike munthu. Unati si ngati panado, amene piritsi lililonse ndi lofanana ndi linzake. Awa aliyense ali ndi akeake, ndipo ndi amoyo, akhoza kuoneka bwino pamene ali ofooka. Unatinso wodwala amayamba wapatsidwa mankhwala opha mafuta ake akale a m'mafupa, ndiye mukamuika maselo opanda mphamvu mwamusiya alibe akale, alibe atsopano.

Apa n'kuti amalume atayamba kuyasamula, amayi akuthamangitsa nkhuku. Ukanalekera pomwepo, m'bale wanga, bwenzi lero tili pamtendere. Koma iwe chiyambire ubwana wako sulola kuti munthu achoke asanakumvetse. Unayang'ana uku ndi uku, n'kuona kapu yanga ya yisiti ili pafupi ndi beseni.

Unainyamula. Unati onani amalume, achemwali asanathire yisiti mu ufa wonse amayamba atapako pang'ono, n'kuika m'madzi ofunda ndi shuga. Ikachita thovu ndiye kuti ili moyo. Ikangokhala duu, yafa, amataya. Unati ntchito yako ndi yomweyo basi. Amalume anawomba m'manja, ati bwanji osanena choncho poyamba pomwe. Amira anali pamiyendo pako. Anasuzumira m'kapumo, iwe n'kumuuza kuti taona Amira, ya moyo imachita thovu. Unanyadira ngati wagoletsa chigoli.

Iwe unakwera ndege, thovu lako linatsala kuno.

Mvula itangosiya chaka chino, kushopu kwa amalume kunafika munthu wina wa tayi, atanyamula timapaketi ta ufa wofiirira. Ati ndi sitemu selo, maselo omwe aja unkanena iwe, wochiza shuga, nyamakazi, kusabereka, ndi siko selo yemwe. Usawaseke amalume. Ukudziwa kuti anaika m'manda ana awo awiri ndi matenda omwewa, kale lija tinkangoti ndi nyamakazi ya ana. Komanso sanangokhulupirira chikhulupirire ayi. Akuti anamuuza munthuyo kuti ine sindipusitsidwa, mwana wa mlongo wanga ali ku Ulaya, ntchito yake ndi yoyesa zimenezi, ndipo anandiphunzitsa njira yake. Anaitanitsa madzi ofunda ndi shuga ku tiyirumu ya pafupi, n'kuthira ufawo. Khalidi, unachita thovu mpaka kusefukira patebulo.

Anagula katoni yathunthu. Chithunzi chako chija unavala chisoti cha makona pomaliza maphunziro anachichotsa pabalaza pawo, n'kukachipachika m'shopu pamwamba pa timapaketito. Kasitomala aliyense amamuyesera pamaso pake, kuti aone yekha. Ngakhale makondakitala a minibasi akukudziwa tsopano. Ukadzatsika pa Dwangwa udzangofunsa kuti kwa adokotala a thovu ndi kuti, adzakulozera.

Zikanathera ku Dwangwa ndikanangoseka, koma anabwera nazo kwathu.

Ukudziwa kuti ine ndimalawirira kumsewu kukagulitsa mandasi, ndiye mankhwala a Amira amam'mwetsa ndi bambo ake akabwera kuchokera kunyanja. Ndikunena kapisozi wa kuchipatala uja, amene iwe wemwe unkatiuza kuti tisadumphe, amene wamusunga mwanayu osagonekedwa chiyambire sitandade wani. Tsikulo amalume anandipeza ndatuluka. Anakhazika makapu awiri pamkeka. M'kapu imodzi anathira ufa wawo, thovu. M'kapu inayo anatsegulira kapisozi wa Amira, ufa wake unangomira n'kukhala duu.

Amalume ati mwaona a Sharifu, kuchipatala akukupatsani mankhwala akufa. A Sharifu anafunsa ngati njira imeneyi ilidi ya Khalidi. Amalume ati inu simunalipo kodi, simunamve ndi makutu anu? Ndiye Amira naye anaikira umboni, ati n'zoona agogo, amalume a Khalidi anati ya moyo imachita thovu.

Sanandiuze. A Sharifu akuti ankafuna ndidzangoona mwana atachira, komanso ankadziwa kuti ndichita makani. Pa makanipo sananame. Mwamuna amene sangathe kubisa ngakhale chitsokomolo, pa ichi chokha anachenjera. Tsiku lililonse ankachotsa kapisozi m'botolo n'kumuponya m'chitini chawo cha mbedza, kuti ine ndikagwedeza botolo ndizimva kuti mankhwala akutha. Mwana ankam'mwetsa ufa wa amalume, n'kupangana naye kuti ndi chinsinsi cha awiri.

Kenako mwera unayamba, kuzizira kuja kumene Amira sagwirizana nako. Zinayambira m'miyendo, kenako msana, kenako chifuwa. Iwe kulira kwake sukudziwa. Unachoka asanayambe kuyenda, ndipo utabwera unamupeza akudumpha chingwe. Salira mokweza mwana ameneyu. Amaluma chitenje n'kumabuula chamumtima, maso ali achikasu, ndipo paliponse pamene wamugwira amati amayi osati pamenepo. Ndikufunafuna bulangete lina kuchipinda, ndinagunda chitini cha mbedza chija, makapisozi n'kumwazika pansi ponse. Zimene ndinawanena a Sharifu sindilemba, chifukwa mwina kalatayi uwawerengera a Rahila.

Tinakwera galimoto ya nsomba mpaka kuchipatala cha pa boma. Anamuika madzi, mankhwala opha ululu, kenako magazi. Nesi wina anatifunsa chifukwa chimene mwana anasiyira mankhwala, ndipo a Sharifu anafotokoza nkhani yonse ya makapu awiri. Nesiyo anasiya kulemba, n'kuwayang'ana, n'kufunsa kuti bambo, njira imeneyi anakuphunzitsani ndani? A Sharifu, ndi mtima wawo woyera uja, ati ndi alamu anga, ndi dokotala ku Ulaya. Ine ndinangokokera mpango kumaso.

Tsiku lotuluka adokotala anandiitanira pambali. Ati mayi, ulendo uno mwapulumuka, koma zikabwereranso mwamphamvu chonchi zikhoza kukwera kumutu, mwana n'kufa ziwalo mbali imodzi, kapena kutisiyiratu. Ati ayambirenso kapisozi wake, ndipo asadumphenso. Ndinalonjeza mwachangu, poganiza kuti chovuta chatha.

Amalume anabwera kudzationa Lamulungu, atanyamula nthochi, uchi wa m'botolo, ndi timapaketi tina m'thumba la mkanjo. Ati mwanayu anadwala chifukwa ufa unali kutulutsa matenda, ndiye tisasiyire panjira. Mtima unandiwira, koma amayi anali pomwepo, ndipo ukudziwa kuti pamaso pawo mlongo wawo sakwezeredwa mawu. Ndinangolowa kukhitchini, n'kutuluka ndi soda wophikira therere ndi ndimu. Ndinafinyira m'kapu. Thovu lake linaposa la ufa wawo. Ndinati amalume, ndiye kuti therere langa likuchiza siko selo? Anayang'ana kapu ija nthawi yaitali, akusisita ndevu, kenako ati soda ndi wamphamvu ndithu, suona mmene amafewetsera nyemba?

Khalidi, tsitsi langa likanakhala panja pa mpango ndikanalizula.

Ndinatenga uchi umene anabweretsa iwo eni, n'kuthira m'madzi ofunda. Unangomira. Ndinati nanga uchi uwu, umene mumatiuza nthawi zonse kuti ndi mankhwala otchulidwa m'Buku la Mulungu, nawonso wafa? Apo anaimirira, n'kukung'untha mkanjo, ati za m'Buku si zoseweretsa m'makapu, ndipo iwo adzamva kwa Khalidi mwini wake, osati kwa wogulitsa mandasi. Amayi anangoti ana inu musakangane, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Za amalume ndikhoza kuthana nazo. Pakhomo panga ufa umenewo sudzalowanso, ngakhale atanditchula mwana wamwano kumzikiti konse. A Sharifu nawo anaona okha. Ufa wotsala anakautaya m'chimbudzi ndi manja awo, ndipo mpaka lero sakundiyang'ana m'maso. Akudya ngati mlendo pakhomo pawo pomwe. Ndikuwakwiyirabe, koma chisoni chikundigwiranso, chifukwa zonsezi anachita pofuna kuti mwana wawo achire.

Amene wandithetsa nzeru ndi Amira.

Akukana kumwa kapisozi. Ndikamubweretsera amatseka pakamwa, n'kutembenukira kukhoma. Ati ndi wakufa. Ndamunyengerera, ndamulonjeza nsapato za sukulu, ndamuopseza ndi mthiko. Ndinabisa ufa wake m'nthochi, anaununkhiza n'kusiya nthochi yonse. Ndinathira m'phala, tsopano phala langa sakulikhulupiriranso, amadikira kuti ndiyambe ndalawa. Bambo ake anagwada pamaso pake, munthu wamkulu wa ndevu zake, n'kumuuza kuti mwana wanga ndinalakwitsa ine. Iye ati bambo inu simudziwa, amayinso sadziwa, amene amadziwa ndi amalume a Khalidi.

Ndinamukumbutsa za soda ndi ndimu, popeza anaona ndi maso ake. Ati ndiye kuti soda nayenso ndi wamoyo. Ndinamufunsa kuti nanga unadwaliranji utamwa ufa wa thovu? Ati chifukwa ndinamwa mankhwala akufa zaka zambiri, adakali m'thupi. Ukuona mutu umenewu? Ndi wako. Sanautenge kwa ine, ndipo sanautenge kwa a Sharifu.

Dzulo ndinachita chinthu chimene sindifuna kudzachitanso. Ndinamupanikiza pakati pa miyendo yanga, n'kumutsina mphuno ngati khanda, n'kumukankhira kapisozi kukhosi. Mwana wa sitandade folo, amene msana sunasiye kuwawa. Anameza, kenako anasanza zonse. Sanalire. Anangondiyang'ana ngati ndine amene ndikufuna kumupha. Ndinapita kuseri kwa khitchini kuti ndikalire ndekha, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza labu yake.

Inde, ali ndi labu. Wandandalika zitsekerero za mabotolo pa njerwa, china muli phulusa, china sopo, china mchere, china ufa wa kondowole. Anzake andiuza kuti asanadwale ankavala majumbo m'manja, ati ndi magolovesi, n'kumayesa chilichonse kuti aone chamoyo ndi chakufa. Amawauza kuti akadzakula adzapita kukathandiza amalume ake kuti mankhwala a siko selo atuluke msanga, popeza amalumewo akuchedwa chifukwa ali okha. Ndinayang'ana zitsekerero zija, osadziwa kuti ndizigumule kapena ndizisiye. Ndinazisiya.

Sindikunena kuti unanama. Pa yisiti unanena zoona, ndipo mwina kwa anzako a m'labu fanizo limenelo ndi lokoma. Koma iwe ukudziwa kulemera kwa mawu ako kuno. Ine ndikhoza kulankhula tsiku lonse, anthu amangoti ndi Saida, amalongolola. Iwe ukangotsokomola, wina amalemba. Zaka zonsezi ukukana kuti mankhwala anu aperekedwe kwa munthu musanatsimikize mphamvu yake, ndipo ine ndakhala ndikukuikira kumbuyo anthu akamati ukuwaumira abale ako. Nanga mawu ako unawayesa mphamvu usanawasiye pakhonde pathu?

Usaope, sindikukupempha maselo ako aja. Ndinasiya kufunsa kuti adzafika liti. A Rahila anandiuza zoona zake tsiku lija tinkatsuka mbale, zimene iwe unkangozizungulira. Anati mtengo wake si wa anthu ngati ife, ndipo amafuna chipatala chimene kuno kulibe. Ndinalira, n'kupukuta misozi, n'kupitiriza kutsuka. Pitiriza kuyesa kwako, mwina adzukulu athu adzapindula, Insha Allah. Amira yekha ndi amene akuwadikirabe, ndipo ine sindimuletsa. Ndikungofuna kuti akhale ndi moyo wodikirira.

Ndiye tamvera zimene ndikufuna, ndipo usandiuze kuti sabata ino muli ndi alendo odzayendera labu.

Lachisanu, anthu akatuluka ku mapemphero a Juma, uwaimbire amalume. Uwalankhule mwaulemu, ali okha, osati m'shopu pamaso pa makasitomala, chifukwa ukawachititsa manyazi adzauma mutu mpaka kumanda. Uwauze kuti achotse chithunzi chako ndi timapaketi tawo. Pali amayi ena a ana odwala ngati wanga amene akugula ufa umenewo chifukwa cha nkhope yako.

Koma Amira sangadikire Lachisanu. Umuimbire lero, pa vidiyo, kuti aone kuti ndi iweyo. Uvule magolovesi, utuluke panja ngati m'katimo saloleza. Ulankhule Chichewa, chija unkalankhula tikukawedza timatemba kudambo, osati chosakaniza chako chija. Ngati n'kotheka umuonetse mmene mumayeseradi maselo anu, aone yekha kuti mulibe shuga, mulibe thovu. Ndipo chonde, chonde, usayerekeze ndi chilichonse. Osati yisiti, osati mbewu ya mpunga, osati injini ya boti. Ukangoyamba kuti zili ngati, ndidula foni ndi dzanja langa.

Usamuuzenso kuti zimatengera. Ndikukudziwa, funso lililonse umayankha kuti zimatengera. Mwana uyu safuna zimatengera. Umuuze kuti kapisozi wake ndi wabwino, anayesedwa kale ndi anthu a ntchito ngati yako, ndipo amwe tsiku lililonse. Ndipo umuuze kuti unalakwitsa. Unene mawu amenewo momveka, kuti Amira, amalume ako analakwitsa. Ndikudziwa kuti adzakuwawa kukhosi, chifukwa chibadwire sindinakumvepo ukuwanena, ngakhale tsiku lija unamiza bwato la bambo. A Sharifu anagwada koma sizinathandize. Amene akudikira kuti agwade ndi iwe.

Ndatopa, Khalidi, ndipo dzanja likuwawa. Ndakukalipira mokwanira. Ukudziwa kuti ndimakunyadira, ngakhale panopa nditakuona ndikhoza kukuthira beseni lonse la ufa kumutu.

Upereke moni kwa alamu anga a Rahila, uwauze kuti ndikuwathokoza pondiuza zoona. Amayi akuti uzivala zofunda, ndiponso uwatumizire mankhwala opaka pabondo aja, ati kaya achita thovu kaya sachita iwo alibe nazo ntchito. Mulungu akusunge, akupatse nzeru pa ntchito yako, ndipo akuphunzitse kulekera pamene amalume ayamba kuyasamula.

Ndine mlongo wako,
Saida

Kapisozi wa lero ndamuika pa sosala, pambali pa foni. Amira wakhala pamkeka, wafunda bulangete, akuyang'ana zonse ziwiri. Wandifunsa ngati uimbadi. Ndamuuza kuti inde.